Nsapato ya Kumanzere ya a Chokanipo

Bambo anga sapatsa moni munthu, amapatsa moni nsapato. Inu mubwere ndi ulemu wanu wonse, "Mwaswera bwanji, a Chidendene?" iwo maso ali pansi, pamapazi panu, ndipo yankho limachokera komweko: "Ndaswera. Koma inu mukuyenda chammbali ngati nkhanu, chidendene chakumanja chatha." Dzina la Chidendene linabadwira pamenepo. Dzina lawo lenileni ndikukayika ngati amayi akulikumbukira, amangoti "abambo ake a uyu."

Kusoka nsapato anayamba ndevu zisanamere. Katundu wawo ndi yemweyo mpaka lero: kabenchi ka miyendo itatu, kabokosi ka misomali, guluu wa m'chitini, lezala, ndi singano yokhota ija amaibaya pakolala ya malaya. Zala zawo n'zakuda bii, polishi analowa m'khungu kalekale. Kuseka amaseka kamodzi pachaka, ndipo chaka chino anaseka kale, tsiku limene mbuzi inagwera m'ngalande. Ine kuseka ndinatengera amayi. Ndimaluka tsitsi ku saluni, kumene pakamwa sipakhala ndi tchuthi.

Tsono munthu wotereyu ndi amene anaikidwa kukhala wolandira alendo pa mapemphero athu a Lachitatu masana. Musaseke, pali chifukwa. Timasonkhana kunyumba kwa Mayi Kapeti, anthu khumi ndi asanu, kukakhala tiyi timakwana makumi awiri. Aliyense ali ndi ntchito yake. Ababa atawayesa nyimbo, mwana wa eninyumba analira. Atawayesa pemphero, anangoti, "Ambuye, mukudziwa kale. Ameni." Ndiye Aphunzitsi, amene amatitsogolera, munthu wofatsa woti ngakhale udzudzu amayamba waupepesa asanauphe, anati, "Abale, palibe munthu wopanda mphatso. M'bale wathuyu aziima pakhomo."

Ndipo pakhomo panawakhaladi, chifukwa kwa Mayi Kapeti nsapato sizilowa.

Kapetiyo ndikuuzeni. Yofiira, yaubweya, ukaponda phazi limamira ngati waponda mphaka. Anawatumizira ndi mwana wawo amene amagwira ntchito kutali. Isanabwere kapeti, mayiwa ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ngati anzawo onse. Itangofika, mawu anasamukira m'mphuno: "Abaaale, nsapato panja, tikulowa pamalo oyera." Malo oyera akunena kapeti.

Ababa amazilandira nsapatozo, kuzindanditsa kukhoma ziwiriziwiri, ndi kuziweruza. "Izi mwabwereka, mwini wake ali ndi phazi lalikulu." "Izi mukazivala kawiri kokha, muziike m'manda." Aphunzitsi anayesa kuwaphunzitsa. Akuti mlendo akafika mumwetulire, musamupanikize ndi mafunso ngati apolisi, mum'patse mpando wabwino, amve kuti wafika kwawo.

"Ndimwetulire ndi mano ati?" anafunsa ababa.

Nkhani inathera pomwepo.

Koma pali munthu mmodzi amene ababa samangomunyoza mwachizolowezi, amadana naye kuchokera m'mafupa. A Chokanipo. Amenewa anali mlonda wa masitolo a mumsewu waukulu: yunifolomu, chibonga m'chiuno, jombo zonyezimira. Chichewa chawo chonse chinali mawu amodzi. "Chokanipo! Chokanipo apa!" Ukachedwa kunyamula, phazi lamanzere limafika kale pabeseni lako. Nthochi, mazira, sopo, zonse m'ngalande. Tomato wa Mayi Kapeti anauluka katatu. Ababa ankasokera pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo tsiku lina phazi lija linapeza kabenchi kawo. Misomali inamwazika msewu wonse. Anaitola umodziumodzi atagwada, anthu akuwalambalala, a Chokanipo ataima pamwamba pawo: "Fulumira iwe, ukuipitsa pakhomo pa anthu." Zaka khumi ndi chimodzi zapitapo, ababa amasokera pakhonde la kunyumba, koma mukawafunsa angakuuzeni kuti misomaliyo inali ingati.

Miyezi ingapo yapitayo, m'mawa ine ndikuphika tiyi, ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde. Kusuzumira pakatani, a Chokanipo! Koma aphwa ngati chubu. Yunifolomu palibe, phazi lamanja m'patapata, lamanzere lokulungidwa ndi bandeji, m'manja jumbo.

"Wasochera," anatero ababa osadzutsa mutu. "Pano palibe beseni lomenya."

"Ndabwera ndi ntchito, a Chidendene."

"Eti lero ndine a Chidendene? Iwe uja anapita kuti?"

A Chokanipo anakhala pansi okha popanda wowauza, n'kuyamba kumasula bandeji. Ine ndinagwira pakamwa. Phazi lija, phazi lomwe lija, linathera pakati. Zala zonse palibe. Matenda a shuga akuti, kachilonda kanakana kupola, madokotala anadula. Ntchito nayo inathera pomwepo.

Ababa anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakankha katoni ndi mwendo.

"Ponda apa."

Anajambula phazilo ndi pensulo, akutukwana. Masiku atatu anasema siponji ya matiresi ndi lezala, kuilowetsa kutsogolo kwa nsapato, kuikuta ndi chikopa chofewa cha kachikwama kakale ka amayi, akutukwanabe. Atabwera kudzayesa, a Chokanipo anayenda kuchoka pakhonde kukafika pampanda n'kubwerera. Kutsimphina kunalipo, koma kochepa, koti munthu angati bondo.

"Chonde, a Chidendene, asadziwe munthu. Mukudziwa zimene anganene."

"Anena kuti phazi lomenya mabeseni Mulungu walidula. Inenso ndikunena zomwezo."

"Muzinena inuyo nokha."

"Phazi la kasitomala ndi la kasitomala. Choka, ukunditchingira dzuwa."

Atapita, ababa sanatembenuke n'komwe. "Iwe wa kuseri kwa katani! Pakamwa pako pali ngati chitseko cha basi, aliyense amatsikira pomwepo. Ukatsegula pa nkhani iyi, ndikusoka milomo ndi ulusi wa jombo."

Mudziwe kuti inandiwotcha nkhaniyo. Miyezi iwiri ndikuluka anthu ku saluni, ena a iwo oti mabeseni awo anaulukapo, ine nditasunga chinthu chokoma chotero pansi pa lilime! Ndipo mantha a a Chokanipo sanali abodza. Kwathu ku Lachitatu chilichonse chimasanduka umboni. Nkhuku ikapezeka, umboni. Mutu ukasiya kupweteka, umboni. Mayi Kapeti zaka zonsezi amatseka pemphero lawo ndi mawu amodzi: "Ndipo Atate, phazi lija mulione." Atati aone kuti laonedwadi, pofika m'mawa msika wonse ukanaimba, ana akanawatsatira bambo aja pamsewu akutsimphina.

Ndiye Lachitatu lina, mvula itangokata, matope ali tho, Aphunzitsi analowa pageti akumwetulira ngati apeza ndalama m'thalauza lakale. Pambuyo pawo ndodo ya a Chokanipo. Akuti anawapeza atakhala okha podikirira basi, osadikira basi iliyonse, ndiye anawaitana.

"Abale, lero tili ndi mlendo!"

Nyimbo inazima pakati pa mzere. Mayi wogulitsa nthochi anayamwa mano mokweza mpaka wa pakhomo loyandikana anamva. Wina kumbuyo anati, "Bisani mabeseni." A Chokanipo anaima pakhonde, anaona mzere wa nsapato kukhoma, anaona mapazi athu tonse ali pamtunda, nkhope inasanduka phulusa. Za lamulo la kapeti sanauzidwe.

Aphunzitsi anawagwedeza ababa ndi chigongono. "M'bale, mlendo."

"Ndamuona."

"Mulandireni."

"Wafika," anatero ababa. Kulandira kwake kunali komweko.

Mayi Kapeti anadzuka, manja m'chiuno, mawu abwerera kuchoka m'mphuno, atsikira pakhosi pa tomato paja. "Iii, koma dziko ndi lozunguliradi. Lero mwabwera pakhomo panga? Ndinene mawu anu aja kapena ndikusiyireni? Chabwino, nyumba ya mapemphero sitibweza munthu. Koma nsapato panja."

"Mayi, ine ndikhala pakhonde pompano. Ndizimvera pawindo."

"Mwamva? Ife tivule, bwana asavule! Akuona ngati akadali pa ntchito."

"Mwina masokosi ndi oboola," anatero wa nthochi. "Vulani bambo, ife tinazolowera kuona zinthu zathu zili pamtunda."

Ababa analowererapo, maso pansi monga mwa masiku onse. "Msiyeni akhale panja. Akalowa atinunkhitsira nyumba."

Zikanathera pamenepo, munthu akanakhala pakhonde, palibe akanadziwa. Koma Aphunzitsi mtima wawo wabwino uja ndi umene unaononga zinthu. Anakweza manja onse awiri, misozi ili m'maso.

"Abale, abale! Tikuchita chiyani? Mlendo woyamba mwezi uno, ndipo tikumulandira ndi minga? Ayi. Ambuye wathu anagwada n'kusambitsa mapazi a anthu ake, ngakhale a amene anam'pereka. Lero ine ndisambitsa mapazi a m'bale wathuyu pamaso panu nonse, chidani chithere m'madzimo. Mwanawe, thamanga, beseni ndi madzi ofunda!"

Mwanawe ndi ine. Ndipo ndisakunamizeni, ndinathamangadi. Ndinati m'mtima, pakamwa panga sindinatsegule, milomo yanga isasokedwe, koma lero aona okha. Ndinasankha beseni lachitsulo lalikulu lochapira mabulangete, ndinathira ketulo yonse ya tiyi, ndinaonjeza ozizira, sopo, thaulo. Ndinabwera nalo ngati ndanyamula keke ya ukwati.

Ndinapeza a Chokanipo atawakhazika kale pampando, pakhomo penipeni, nyuzipepala pansi pa nsapato, kapeti ikuyambira pa chala chimodzi kutsogolo. Anthu anaunjikana. Ena ayamba kale kung'ung'udza nyimbo yofatsa, chifukwa anthu athu akaona mtsogoleri wagwada mitima imasungunuka msanga.

"Aphunzitsi, chonde, musavutike," anatero a Chokanipo. "Ine sindili woyenera."

"Palibe woyenera, m'bale."

"Mapazi anga ndi akuda."

"N'chifukwa chake pali sopo."

"Ndasamba kale kunyumba."

Anthu anaseka. Aphunzitsi anapinda malaya, anamasula nsapato yakumanja, anavula sokosi, anaviika phazi, analitsuka bwinobwino mpaka pakati pa zala, analipukuta. Wa nthochi anafwenthera. Kenako dzanja linapita pa chingwe cha nsapato yakumanzere.

A Chokanipo sanayang'ane Aphunzitsi, sanayang'ane kumwamba. Anayang'ana ababa. Ine maso amenewo ndinawaona, ndipo keke yanga ija inandiwawa m'kamwa. Munthu wamkulu, wa imvi, kuyang'ana ngati galu amene ali pakati pa msewu.

Mfundo inamasuka. Aphunzitsi anagwira chidendene kuti akoke.

Sindinaonepo ababa akuthamanga, koma tsikulo anadumpha masitepe awiri.

"Chokanipo!"

Phazi la ababa lopanda nsapato linamenya beseni, phuu! Linalira ngati belu la sukulu. Madzi onse pa kapeti, thovu mpaka pansi pa sofa, sopo anatsetsereka kukaima pa mapazi a Mayi Kapeti. Aphunzitsi anagwa chagada, magalasi m'madzi.

"Ine ndili moyo munthu uyu sasambitsidwa!" ababa akukuwa, mitsempha ya m'khosi ili panja. "Anandigwaditsa ine pamsewu, ndikutola misomali ngati nkhuku, lero Aphunzitsi athunthu amugwadire? Lamanjalo ndapirira. Lamanzere ayi! Ndi lomwelo linamenya kabenchi kanga! Likhale m'nsapato momwemo, liwole ndi litsiro lake!"

Anawagwira a Chokanipo pakolala, kuwadzutsa, kuwakankhira pakhonde, n'kuwaponyera nsapato yakumanja pachifuwa. "Vala uzipita! Ndipo umange chingwecho, ungagwe pageti n'kunena kuti takulodza."

Phokoso lake! Mayi Kapeti anagwada m'madzi akufinya ubweya ndi manja, akulira ngati pagwa maliro. "Kapeti yanga! Mwana wanga anaivutikira! Mdala woipa iwe, mtima ngati soli ya thayala!" Wa nthochi, yemwe uja ankayamwa mano, anathamangira panja kukawapepesa a Chokanipo, mpaka anawaperekeza kumsewu atawanyamulira ndodo. Ababa anavala nsapato zawo n'kunyamuka, akutsimphina kuposa mlendo, chifukwa chikhadabo cha chala chachikulu chinatsala pabeseni.

Kunyumba amayi anawakalipira mpaka mawu anasasa. "Abambo ake a uyu, mwandivula pamaso pa anthu! Ndikayenda bwanji kumsika?" Ababa akungomanga chala ndi kansanza.

Lachitatu lotsatira kunali mlandu. Kapeti inali itakhala pampanda masiku asanu ndi limodzi, mvula ikuionjezera, ikununkha ngati galu wonyowa. M'nyumba simenti yokhayokha. Mayi Kapeti anaima pakhomo okha. "Lowani nazo nsapato zanuzo, palibe chotsala choti muononge. Ndipo ndanena, beseni m'nyumba muno lisadzalowenso. Wofuna kusambitsa mnzake akasambitsire kwawo."

A Chokanipo anabweranso, Aphunzitsi anachita kukawatenga. Anawakhazika pa sofa, pakati penipeni, nsapato zili kuphazi. Mayi Kapeti anawapatsa tiyi woyamba, m'kapu ya maluwa imene sitiigwira ife, maso ali pa ababa kuti aone bwino. "Shuga angati, bambo?"

"Wopanda shuga, mayi."

"Mwaona kudzichepetsa? Ena aphunzireko."

Ababa anaikidwa pa kampando pakati pa bwalo. Aphunzitsi magalasi omanga ndi waya, mawu ofatsa.

"M'bale, tinakupatsani khomo kuti muzilandira anthu. Mwathamangitsa mlendo, mwanyoza ntchito yopatulika, mwaononga katundu wa mlongo wathu. Ine sindikhulupirira kuti munthu angachite zotere popanda chifukwa. Ngati pali china chimene sitikuchidziwa, nenani. Tikumverani."

Kapu ya maluwa ija inayamba kulira pa sosala. A Chokanipo anaiika pansi.

"Ndimadana naye," anatero ababa. "Basi."

"Zaka khumi ndi chimodzi, m'bale?"

"Ndi miyezi inayi."

"Simungapepese?"

"Beseni ndingalipepese. Linalibe mlandu."

Aphunzitsi anapumira m'mwamba. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, iwe umakhala nawo, ndipo tonse tikudziwa kuti sumasunga mawu m'mimba. Bambo akowa chikuwavuta n'chiyani? Pali chimene chinachitika pakati pa awiriwa masiku ano?"

Maso onse pa ine. Ababa okha ndi amene ankayang'ana pansi. Mawu anafika pano, pakhosi. Ndikanangoti "nsapato yakumanzere," bambo anga akanatuluka m'nyumbamo ali munthu, amayi akanayenda kumsika mutu uli m'mwamba. Ndipo amene ndikanamugwetsa ndani? Munthu woti sanatichitirepo chabwino n'kamodzi komwe.

"Aphunzitsi," ndinatero, "ababa anabadwa choncho. Ngakhale ife kunyumba amatilandira chimodzimodzi. Ine tsiku lobadwa akuti anangondiyang'ana mapazi n'kunena kuti uyu adzatha zidendene."

Ena anaseka, ena anapukusa mitu. Chigamulo chinatuluka: pakhomo achoke, mapemphero ayambe apuma miyezi itatu, ndipo Lachitatu lililonse tiziwapempherera kuti Ambuye afewetse mtima wamwala. Mayi Kapeti anadzipereka kuti pemphero limenelo aziyambitsa okha.

Ababa anadzuka n'kutuluka. Ine ndinawatsatira. Tisanafike pa mphambano tinamva ndodo kumbuyo, ikufulumira.

"A Chidendene! A Chidendene, taimani."

Sanaime. Anangochepetsa pang'ono, mwina chifukwa cha chala.

"Ine ndibwerera ndikawauze zoona," a Chokanipo akupuma mwawefuwefu. "Sizingatheke kuti inu..."

"Ukawauze? Chikhadabo changa chipite pachabe? Ukangoyerekeza, beseni lotsatira ndimenyera pamutu pako."

"Nanga ndikuthokozeni bwanji?"

"Usayese. Zonse ndinanena muja ndi zoona, palibe ndinapeka." Apo n'kuti maso ali kale pansi. "Ndipo ukupondera kunja, siponji yasuntha. Ubwere nayo Lachisanu m'mawa, anthu asanayambe kudutsa. Ubwere ndi nsapato, nkhani usiye kwanu."

A Chokanipo anatsala ataima pamenepo. Ife tinapitirira. Patapita kanthawi ababa anandiyang'ana chammbali.

"Iwe, pa mabeseni onse a m'nyumba muja, unasowa lapulasitiki?"